Kanambala ka M'kawindo

Pankhope ya altimeter, chipangizo chimene chimauza woyendetsa ndege kuti ali m'mwamba motalika bwanji, pali kawindo kakang'ono koti chala chimodzi chikhoza kukaphimba konse. M'kawindomo mumakhala manambala ochepa, ndipo chapansi pake pali kachitsulo kopotoza kamene kamawasintha. Ambiri a ife amene timakhala pakompyuta usiku n'kumaulutsa ndege zankhondo zongoyerekezera mu DCS World sitikayang'ana kawirikawiri kawindoka, chifukwa maso amathamangira kumene kuli phokoso, ku mizinga, ku radar, ku kadontho kakuda kamene kakukula chapatali ife tisanadziwe ngati ndi mnzathu kapena mdani. Koma ine kakhala kakundibwerera m'maganizo, makamaka m'nyumba mukati zii, ndipo ndikufuna ndikaganizire pang'onopang'ono, inu mutakhala nane pompano ngati muli ndi mpata.

Choyamba chimene chimandidabwitsa n'chakuti altimeter sidziwa chilichonse chokhudza nthaka. Siiona ndipo sinayambe yayezapo mtunda wochokera pamimba pa ndege kufika pansi. Mkati mwake muli timabokosi tachitsulo topyapyala, tomata bwino, tochotsedwa mpweya, timene timafufuma ndege ikamakwera n'kuphwa ikamatsika, chifukwa mpweya wakunja umatipanikiza mocheperako m'mwamba kusiyana ndi pansi. Kufufuma kochepa kumeneko n'kumene kumayendetsa muvi. Ndiye kuti chimene chipangizochi chimayeza ndi kulemera kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pa ndegeyo, kenako n'kuganiza kuti ngati mpweya ukulemera chonchi, tiyenera kuti tili pakutipakuti. Kuganizira chabe kumeneko sikuoneka pankhope yake. Muvi umaloza nambala molimba mtima, ndipo munthu amaukhulupirira.

Anthu sanadziwe msanga kuti mpweya umalemera, pakuti chinthu chimene munthu wabadwira pansi pake sachimva. Mu 1643 Evangelista Torricelli wa ku Italy anadzaza chubu chagalasi ndi mercury n'kuchizondotsa m'mbale, ndipo mercury anaima m'chubumo pafupifupi masentimita 76, osatsikanso. Mu 1648 Blaise Pascal wa ku France anapempha mlamu wake Florin Périer kuti akwere phiri la Puy de Dôme atanyamula chubu chotere, akaone ngati mercury atsike. Anatsikadi, ndi masentimita oposa 8. Koma mbali ya nkhaniyi imene ndimaikonda ndi ina. Asanayambe kukwera, Périer anasiya chubu chachiwiri m'munsi, m'munda wa amonke mumzinda wa Clermont, ndipo anasiyanso munthu woti akhale pamenepo tsiku lonse akuyang'ana ngati mercury asunthe. Munthu ameneyo sanakwere phiri, sanaone chokongola chilichonse, anangokhala ndi chubu chake mpaka anzake kubwera, koma popanda iye nambala ya pamwamba paphiri ikanakhala yosathandiza, chifukwa palibe akanadziwa ngati chatsitsa mercury ndi phirilo kapena kusintha kwa nyengo ya tsikulo.

Kawindo kaja ndi pamene mawu a munthu wapansi amalowera m'ndege. Mpweya sulemera chimodzimodzi lero ndi mawa, kuno ndi kutsidya kwa mapiri, choncho pabwalo lililonse la ndege pamakhala wina woyeza, ndipo a pansanja amauza woyendetsa ndege pawailesi nambala ya ola limenelo, iye n'kupotoza kachitsulo mpaka nambalayo ionekere. Oyendetsa ndege amakatchula kawindoka ndi dzina la Paul Kollsman, munthu wobadwira ku Germany amene anasamukira ku America n'kupanga altimeter yolondola kwambiri mu 1928. Mu September 1929 Jimmy Doolittle ananyamuka nayo pabwalo la Mitchel Field pafupi ndi New York atadziphimba kuti asaone kunja, nazungulira, n'kudzatera akungoyang'ana zipangizo. Ndimayesa kuganiza kuti mtima wake unkagunda bwanji pamene ankatsika, atapereka moyo wake kwa timabokosi tofufuma.

Pofuna kuti pakhale poyambira, mayiko anagwirizana za tsiku longoyerekezera, tsiku limene pagombe la nyanja yamchere mpweya ndi wotentha madigiri 15 ndipo kulemera kwake ndi mahekitopasiko 1013.25. Aku America nambala yomweyo amaiwerenga kuti mainchesi 29.92 a mercury, ndipo ndege zopangidwa m'nthawi ya Soviet Union zimaiwerenga kuti mamilimita 760. Mu DCS World mumakumana nazo zonsezi: mukakhala mu A-10C kapena F/A-18C kawindo kamalankhula za mainchesi ndipo muvi umawerenga mafiti, mukakhala mu Su-25T kapena MiG-21 mumapeza mamilimita ndi mamita. Munthu amene akukonza ulendo wa gemuyi ali ndi kabokosi kolembamo kulemera kwa mpweya wa tsikulo, ndipo akapanda kukakhudza kamangokhala pa 760, tsiku lija lopanda banga limene kunjaku silibwera kawirikawiri. N'chifukwa chake munthu akhoza kuulutsa ndegezi kwa nthawi yaitali osadziwa kuti kachitsulo kaja kali ndi ntchito. Koma wokonza ulendo akalemba 745, inu n'kusiya 760 m'kawindo, altimeter imakuwonjezerani mamita pafupifupi 165 amene mulibe. Pafupi ndi nyanja, hekitopasiko imodzi yokha ndi mamita pafupifupi 8.

Tsopano pali autopilot, makina amene amayendetsa ndege okha. Mu A-10C, pafupi ndi zogwirira zowonjezera moto wa injini, pali kaswichi ka malo atatu, PATH, ALT/HDG ndi ALT, komanso batani loyatsira. Mu F/A-18C, imene amaitcha Hornet, mumadina A/P pakabokosi kamene kali patsogolo panu n'kusankha BALT. Mukatero ndege imagwedeza mphuno pang'ono, kenako imakhazikika, ndipo mumachotsa dzanja pandodo. Pali mtendere wina wake panthawi imeneyo umene sindidziwa kuufotokoza bwino. Mapewa amagwa, mpweya umatuluka m'chifuwa, mitambo imadutsa yokha, ndipo muvi uja umaima pamalo amodzi ngati wakhomedwa. Lawrence Sperry, pamene ankaonetsa makina oyamba amtunduwu pafupi ndi Paris mu 1914, anadutsa pamaso pa anthu atakweza manja onse m'mwamba, makaniko wake ataima paphiko. Ndikuganiza kuti aliyense amene wadina batanili, ngakhale pakompyuta, amalawako pang'ono chimene iye anamva, chisangalalo cha kupeza kuti chinthu chimene unkachigwira mwamphamvu chikhoza kudzigwira chokha.

Koma chikugwira chiyani kwenikweni? Apa m'pamene ndimachedwa. Autopilot ikauzidwa kuti isunge kutalika, imasunga kulemera kwa mpweya kumene inapeza panthawi imene batani linadinidwa, ndipo ikamva kuti mpweya wapepuka imatsitsa mphuno, ikamva kuti walemera imakweza. M'mlengalenga muli malo onse amene mpweya ukulemera mofanana, ndipo malo amenewo akalumikizidwa amakhala ngati njira yosaoneka imene ndegeyo ikutsata. Njirayo si yathyathyathya. Kumene nyengo ili bwino ndipo mpweya ndi wolemera imakwera, kumene kukubwera mvula ndi mphepo ndipo mpweya wapepuka imatsetsereka, pang'onopang'ono kwambiri moti thupi silingamve. Choncho ndege imene yanyamuka kumalo a mpweya wolemera n'kumalowera kumalo a mpweya wopepuka, woyendetsa osafunsa nambala yatsopano, imakhala ikutsika ulendo wonsewo, mita ndi mita, muvi uli chiimire, autopilot ikugwira ntchito yake mosalakwitsa ngakhale pang'ono, palibe belu lolira, palibe nyali yofiira, chifukwa palibe chimene chawonongeka.

Amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda amadziwa sikelo yopachika pamtengo ija, ndi kasikuluwu kamene kamabwezera muvi pa ziro thumba lisanakolowekedwe. Sikeloyo ikhoza kukhala yatsopano, sipuling'i yake yolimba, n'kumapereka nambala imodzimodzi nthawi iliyonse mukakoloweka thumba lomwelo, koma ngati muvi unayambira pambali pa ziro, thumba lililonse tsiku lonselo lidzalakwika ndi makilogalamu ofanana. Kukoloweka kachiwiri kapena kachitatu sikungakuthandizeni. Sikeloyo idzangobwereza zimene yanena, ndipo inu mudzapita kwanu mukuganiza kuti mwatsimikiza.

Kuzizira nako kumachita zomwezo mwanjira yake. Mpweya wozizira umafinyana, choncho njira zosaoneka zija zimayandikana n'kutsikira pansi. Pa madigiri 10 alionse amene mpweya wazizira kuposa wa tsiku longoyerekezera lija, ndege imakhala pansi ndi magawo pafupifupi 4 pa 100 alionse a kutalika kwake kuchokera pabwalo limene linapereka nambala. Munthu amene ali mamita 3,000 pamwamba pa bwalolo tsiku lozizira ndi madigiri 20 kuposa muyezo, wataya mamita pafupifupi 240, ngakhale nambala ya m'kawindo ikhale yolondola. M'mapiri a Caucasus, amene ali pamapu a gemuyi, kumene Elbrus amafika mamita 5,642 ndipo zigwa zimadzaza mitambo, mamita 240 si ochepa.

Ndikafika apa ndimasiya kaye za ndege, chifukwa mtima umayamba kufunsa zake. Pali zinthu zimene ndimaziona kuti ndazigwira mosagwedezeka kwa zaka zambiri, mmene ndimaonera anthu ena, zimene ndimati n'zokwanira popereka, malire amene ndimati sindingadutse, ndipo ndikayang'ana muvi wa chikumbumtima changa ndimaupeza uli pomwe unali, ndipo ndimatonthozeka. Koma kodi nambala ya m'kawindo ndinailandira liti, kwa yani, pabwalo liti, nyengo ili bwanji? Mwina ndinaipotoza ndili mnyamata, kwa makolo ndi aphunzitsi amene anandiuza zoona za tsiku lawo ndi malo awo. Sindikuwakayikira. Ndikungodabwa kuti ndayenda mtunda wautali bwanji kuchokera pamenepo, ndi kuti chikumbumtima chimene sichikundivutitsa chikhoza kukhala chokhulupirika ndithu kwa zimene chinauzidwa, uku nthaka ikuyandikira. Ambuye, inu mukudziwa kuti sindikunena izi pofuna kudziopseza. Ndikungoona kuti muvi woima chilili sundiuza zonse zimene ndimafuna kuti undiuze.

Ndiyenso nambala yochokera pansanja si yamtundu umodzi. Pali imene amaitcha QNH, imene mukaiika altimeter imawerenga kuchokera pagombe la nyanja yamchere, moti ndege itaima pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe muvi umasonyeza mafiti pafupifupi 4,000 matayala ali pansi. Pali ina, QFE, imene imachititsa kuti muvi uloze ziro pabwalo limene mukuteralo, ndipo imeneyi ndi imene oyendetsa ndege a ku Soviet Union anazolowera. Mu DCS World mukapempha kutera, mawu a pansanja amakupatsani QFE. Pamapu a Caucasus, ku Batumi, kumene bwalo lili m'mphepete mwenimweni mwa Black Sea, manambala awiriwa amangotsala pang'ono kufanana, ndipo munthu akhoza kusokoneza osadziwa. Ku Tbilisi, kumene bwalo lili pamtunda woposa mafiti 1,500, kusokoneza komweko kumasuntha muvi ndi mafiti onsewo. Manambala onse awiri ndi oona. Ina ikuyankha funso lakuti ndili patali bwanji ndi nyanja, kumene mapu amawerengera kutalika kwa mapiri, ina ikuyankha lakuti ndatsala ndi mtunda wotani kuti ndifike pakhomo. Vuto limabwera munthu akalandira yankho la funso lina n'kuliika pa funso linzake.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri, komabe, ndi nambala yachitatu ija, 29.92. Ndege zikakwera kupitirira malire ena, amene ku America ndi mafiti 18,000 ndipo m'mayiko ena amakhala otsikirapo, woyendetsa aliyense amachotsa nambala yeniyeni ya tsikulo n'kuika ya tsiku longoyerekezera. Amachita zimenezi akudziwa bwino kuti siyoona. Pamenepo palibe ndege ngakhale imodzi imene muvi wake ukusonyeza kutalika kwake kwenikweni, koma zonse zalakwitsa mofanana, choncho imene yauzidwa kukhala pa mafiti 24,000 ndi imene yauzidwa 25,000 zimadutsana zitasiyana bwinobwino, ndipo njira yosaoneka ija ikatsetsereka zimatsetsereka nayo pamodzi. Mu gemumu mumazimva mukamafunafuna ndege yomwetsa mafuta m'mwamba, kapena mukakhala gulu pa intaneti, wina atapatsidwa mafiti 12,000 wina 13,000, mukuzungulira malo amodzi m'mitambo. Ngati wina waika 29.92 ndipo mnzake 28.92, mafiti 1,000 amene amawalekanitsa aja akhoza kutheratu, aliyense akuyang'ana muvi wake n'kumalumbira kuti ali pamene anauzidwa.

Ndimaganiza za zimenezi nthawi yaitali, chifukwa ndinaleredwa kukhulupirira kuti choonadi n'chimodzi ndipo munthu achigwire ngakhale atatsala yekha. Koma pano pali malo amene munthu woumirira nambala yake yoona, pakati pa anzake amene agwirizana nambala ina, ndiye amene angaphetse anthu. Ndipo mwina m'banja, mumpingo, pamudzi, muli zambiri zotere, zimene tonse timadziwa kuti sizolondola ndendende koma timazisunga kuti tisagundane, ndipo kuzisunga si chinyengo. Komabe mgwirizanowo uli ndi polekezera. Phiri silinali nawo pamsonkhano umene anthu anagwirizana za 29.92. Munthu akayamba kutsika, pali pamene ayenera kusiya nambala ya anzake onse n'kufunsa ya nthaka imene akupitako, ndipo pandege malire amenewo analembedwa pamapu. M'moyo wanga sanalembedwe paliponse. Nthawi zambiri sindizindikira ngati ndili m'mwamba mmene chofunika ndi kugwirizana ndi anzanga, kapena ndatsika kale kufika pamene mgwirizano wathu sungandipulumutse.

Ngakhale kufunsa kumene kuli ndi zake. Pa 23 May 2022, ndege ya Airbus A320 yochokera ku Stockholm, itanyamula anthu oposa 170, inkatsikira pabwalo la Charles de Gaulle ku Paris kukugwa mvula. Nambala ya ola limenelo inali 1001, koma wowatsogolera pawailesi anati 1011, ndipo oyendetsa anaika zimene anamva. Kusiyana kwa mahekitopasiko 10 kumeneko kunawaika mafiti pafupifupi 280 pansi pa njira yawo, zipangizo zikusonyeza kuti ali pakati penipeni pa njirayo. Posaona bwalo anaganiza zokweranso, ndipo pamene ndegeyo inkayamba kukwera inali itatsala mafiti 6 okha kuti ikhudze nthaka, mtunda woposa kilomita imodzi isanafike poterera. Iwo sanadziwe. Anazungulira n'kubweranso ndi nambala yolakwika yomweyo, koma ulendo wachiwiriwu mitambo inatseguka, anaona bwalo ndi maso, nakonza njira n'kutera. Sindimuweruza munthu wa pawailesi uja. Ndani wa ife amene lilime silinamutererepo pa nambala imodzi? Chimene chimandikhudza n'chakuti oyendetsawo anachita chimene ndinkati ndicho chofunika, anafunsa wapansi, anamvera, ndipo kumverako n'kumene kunawatsitsa.

Anthu amakonda kufunsana kuti chimachitika n'chiyani ukapotoza kachitsulo kaja autopilot ili kale pantchito. Yankho limadalira mmene ndegeyo inapangidwira. Ina imasunga kulemera kwa mpweya kumene inagwira poyamba, moti mukapotoza, muvi wokha ndi umene umasuntha, ndege osasuntha, ndipo zili kwa inu kuzimitsa, kukwera kapena kutsika, n'kuyatsanso. Ina imathamangitsa nambala imene ikuoneka, moti mukangopotoza imayamba yokha kukwera kapena kutsika kufunafuna pamene muvi ubwerere. Yoyambayo imakuonetsani kuti munali polakwika koma sikuchotsanipo. Yachiwiriyo imamvera msanga, ngakhale chala chanu chitapotoza molakwika. Sindinasankhebe kuti mtima wabwino uyenera kufanana ndi iti.

Hornet ili ndi njira inanso, RALT, imene imasunga kutalika poyeza ndi radar yoloza pansi, ndipo imagwira ntchito pansi pa mafiti 5,000. Imeneyi ndiye imamvadi nthaka, ndipo pamwamba pa nyanja kapena pachigwa ndi yabwino. Koma imangodziwa zimene zili pansi pake panthawiyo. Phiri limene lili kutsogolo siliona.

Ndipo pali kusiya mwakachetechete. Pa 29 December 1972, ndege ya Eastern Air Lines, ulendo nambala 401, yamtundu wa Lockheed L-1011, inkayandikira Miami usiku pamene kanyali kobiriwira kosonyeza kuti tayala lakutsogolo latsika bwino kanakana kuyaka. Oyendetsa anakwera kufika mafiti 2,000, nayatsa autopilot, onse n'kuweramira kanyaliko. Zikuoneka kuti wina anakankha pang'ono chiwongolero mosadziwa, ndipo autopilot inasiya kusunga kutalika. Belu lochenjeza linalira kamodzi, palibe anamva. Ndegeyo inatsika pang'onopang'ono mumdima mpaka kugwera m'madambo a Everglades, ndipo anthu 101 anamwalira. Tayala linali litatsika bwinobwino. Babu ndi limene linapsa. Mu gemumu autopilot imasiyanso, ukagwedeza ndodo kwambiri kapena ndege ikafooka liwiro, ndipo nthawi zambiri imasiya pamene mutu wawerama.

Mutu umaweramira chiyani? Apa pali chinthu chimene sindikufuna kuchilambalala. A-10 ndi ndege imene inamangidwa mozungulira mfuti yaikulu ya mamilimita 30, ndipo chifukwa chachikulu chimene timaikira kaswichi kaja pa ALT n'chakuti ndege izidzizungulira yokha itapendekeka, maso ndi manja zikhale ndi mpata woyang'ana pakasikirini ka kamera, kufunafuna galimoto kapena kasinja woti timuphulitse. Mtendere umene ndinanena uja, wa mapewa kugwa, umagwira ntchito imeneyi. N'zoona kuti ndi timadontho ta pakompyuta, palibe mayi amene alire mawa. Koma mapu a Caucasus ndi malo enieni, ndipo mayina ngati Senaki ndi Poti anamveka m'nkhani za nkhondo ya pakati pa Russia ndi Georgia mu August 2008, pamene anthu enieni anathawa m'nyumba zawo. Sindikunena kuti kusewera gemuyi ndi tchimo, ndipo ndimaisewerabe. Ndimangoona kuti makina akandipeputsira ntchito imodzi, sandifunsa kuti manja omasukawo ndichita nawo chiyani, ndipo ine ndemwe sindidzifunsa kawirikawiri. Masiku ena ndimangonyamuka popanda bomba lililonse, n'kutsata gombe kuchokera ku Batumi kulowera kumpoto, ndikuyang'ana muvi.

Mu gemumu muli batani limodzi limene woyendetsa ndege weniweni alibe. Mukadina F2 mumatuluka m'ndege n'kuiona kuchokera kunja, ndipo m'munsi mwa sikirini mumabwera kamzere kamene kamanena liwiro ndi kutalika kwenikweni kwa ndegeyo, mmene kompyuta ikudziwira, popanda timabokosi tofufuma, popanda nsanja, popanda lilime loterereka. Mukadina F1 mumabwerera mkati, kwa muvi wanu ndi kuyerekeza kwake. Kangapo ndakhala ndikusinthasintha mabatani awiriwa, kuyang'ana nambala yakunja kenako yamkati, ndipo mtima umachita nsanje, chifukwa moyo wonse ndimaukhala mkati. Ndimakhulupirira kuti alipo amene amaona kuchokera kunja, amene amadziwa pamene ndili popanda kuyerekeza, ndipo pemphero langa lambiri, ndikaliyang'anitsitsa, limangokhala kupempha kuti andionetseko kamzere kaja. Sandionetsa. Chimene ndimapatsidwa ndi anthu apansi, mkulu wina wampingo, mnzanga amene saopa kundiuza zowawa, mwana amene wafunsa funso losayembekezeka, aliyense ali ndi chubu chake m'munda mwake, aliyense wokhoza kunena 1011 pamene akufuna kunena 1001. Poyamba zimenezi zinkandikhumudwitsa. Pano ndimangoona kuti oyendetsa ndege enieni amakhala chomwechi tsiku ndi tsiku, ndipo amafika. Amabwereza mokweza nambala imene amva kuti wonenayo aimvenso, amaiyerekeza ndi imene anamva kale pawailesi yanyengo, amayang'ana altimeter ya mnzawo wa pambali, akayandikira pansi amayang'ananso ya radar, ndipo mitambo ikatseguka amayang'ana panja. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chili chokwanira pachokha, ndipo mwina n'chifukwa chake anaziika zambiri.

Sindikudziwa ngati Mulungu anabisa kamzere kaja pofuna kuti tizifunsana, kapena pali chifukwa china chimene sindingachimvetse ndili mkati muno. Funsolo ndimalisiya lotseguka, ndipo silindipweteka monga kale.

Inu amene muli ndi pulogalamuyi, tsiku lina muyese izi musanapachike mzinga uliwonse. Tsegulani pokonzera maulendo, ikani A-10C kapena F/A-18C pabwalo la Batumi, kutentha kukhale madigiri 15, ndipo pa kulemera kwa mpweya mulembe 745, imene ndi mainchesi 29.33. Mukalowa m'ndege, potozani kachitsulo mpaka muone 29.92. Muvi udzanena kuti muli mafiti pafupifupi 600 m'mwamba, musanachoke n'komwe pamene mwaima.